Anamutuma Jeke, Anabwera ndi Jekete

Mwezi wa Epulo ukafika, mvula ikamatsazika, zigafa za m'chigwa cha Kasungu, kuyambira ku Santhe mpaka ku Chamama, zimakhala zitadzaza fodya wa bale. Iyi ndi nyengo yokhala pansi tsiku lonse, kusankha masamba, kumanga timitolo ndi kudinda mabelo okagulitsa ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Manja akamagwira, pakamwa sipakhala chete. Nkhani zimachuluka, ndipo kuseka sikusowa.

Chaka china tinali m'chigafa chotere, pamunda wa bambo ena odziwika m'deralo, ndipo m'sabata imodzi tinaseka anthu awiri. Oyamba anali eni munda omwewo. M'mawa wina anakwera kukatsitsa fodya, phazi linaterereka, ndipo anagwa chagada pamulu wa masaka, buluku litang'ambika kumbuyo. Titaona kuti sanavulale tinafa nalo phwete, ndipo amene anaseka koposa anali akazi awo. Bambowo anadzuka, nasasa fumbi, nati, "Mwaonatu, ngakhale chigafa chayamba kundiuza kuti ndakalamba." Madzulo ake anali iwo eni amene ankasimbira alendo nkhaniyo, akuthiramo ndi mchere womwe.

Wachiwiri anali mnyamata wa zaka ngati 18, wochokera cha ku Phalombe, yemwe anabwera kudzagwira ganyu ndipo ntchito ya fodya anali asanaigwirepo. Itakwana nthawi yodinda belo, kapitawo anamuuza kuti, "Iwe, thamanga kunyumba ukatenge jeke." Mnyamatayo anathamangadi. Anabwerako ali wefuwefu, atanyamula jekete ya kapitawoyo, ataipinda bwinobwino, ndipo anaipereka ndi manja awiri. Chigafa chonse chinagwa nacho chiseko. Ifenso tinaseka mpaka misozi. Iye anangomwetulira pang'ono, maso ali pansi. Madzulo amenewo sanabwere pansima. Kutacha dzina lake linali Jekete, ndipo ana a pamudzi ankamuitana choncho ali chapatali. Pasanathe masabata awiri ananyamuka, osadikira n'komwe kuti fodya agulitsidwe kuti alandire zake.

Palibe anamutukwana, palibe anamunyoza. Tinamuseka ndi pakamwa pomwepo pamene tinasekera bwana wake. Nanga n'chifukwa chiyani kuseka komweko kunakometsa tsiku la wina, wina n'kumusamutsa?

Kuseka kumanena za ubale

Ambirife timaganiza kuti munthu amaseka chifukwa chakuti wamva nthabwala. Katswiri wina wa za ubongo wa ku America, Robert Provine, anatha zaka akumvetsera anthu akucheza m'misewu, m'masitolo ndi pasukulu, akulemba mawu amene ankanenedwa anthu asanaseke. Zimene anapeza anazitulutsa m'buku m'chaka cha 2000. Mwa mawu 10 alionse amene anatsogolera kuseka, amodzi kapena awiri okha ndi amene ankamveka ngati nthabwala. Enawo anali mawu wamba, onga moni ndi kutsazika. Anapezanso kuti munthu amaseka kuwirikiza pafupifupi ka 30 akakhala pagulu kusiyana ndi pamene ali yekha. Kuseka tsono ndi njira imene gulu limauzirana kuti tili pamodzi. M'chaka cha 2011 Robin Dunbar ndi anzake a pa yunivesite ya Oxford anaonetsa kuti anthu akasekera limodzi kwambiri amatha kupirira ululu kuposa asanaseke, ndipo ankaganiza kuti n'chifukwa cha timadzi tochepetsa ululu timene ubongo umatulutsa. Aliyense amene anakhalapo m'chigafa kuyambira mbandakucha, msana ukuwawa, akudziwa kuti zimenezi n'zoona.

Vuto lagona pa mawu akuti "tili pamodzi". Anthu khumi akamasekera limodzi chinthu chimene wachita wa khumi ndi chimodzi, iyeyo amafunsa mumtima mwake funso limodzi: kodi ine ndili mkati mwa "tili pamodzi" ameneyu, kapena ndili kunja? Eni munda aja yankho ankalidziwa. Chigafa n'chawo, fodya ngwawo, osekawo amawalemekeza ndipo mawa adzawapatsabe moni wogwada. Kusekako kunawauza kuti antchito awo sawaopa ngati chilombo. Mnyamata uja analibe yankho. Analibe mbale pamudzipo, ntchito anali asanaidziwe, ndipo chinthu chokha chimene anthu ankamudziwa nacho chinali jekete.

Akatswiri a za maganizo anayesapo zimenezi. M'chaka cha 1966 Elliot Aronson ndi anzake anamvetseretsa ophunzira mawu ojambulidwa a munthu akuyankha mafunso a mpikisano. Ena anamva munthu wokhoza mafunso 92 pa 100 alionse, ena anamva wokhoza 30 okha. Kumapeto kwa zojambulidwa zina kunkamveka phokoso, munthuyo akudandaula kuti wadzitayira khofi pa suti yake yatsopano. Wanzeru uja atadzitayira khofi, omvera anamukonda koposa kale. Wolephera uja atachita zomwezo, anamupeputsa koposa kale. Khofi yemweyo, suti yomweyo. Amene ali pamwamba akapunthwa amasendera pafupi ndi anthu, pamene amene ali kale pansi amangotsikirabe.

Ndipo tisamanene kuti "n'kuseka chabe, sikupweteka". M'chaka cha 2003 Naomi Eisenberger ndi anzake ku Los Angeles anaika anthu m'makina ounika ubongo uku akusewera masewera oponyerana mpira pa kompyuta. Masewera ali mkati, osewera anzawo anasiya kuwaponyera mpirawo. Mbali ina ya ubongo imene imagwira ntchito munthu akamavutika ndi ululu wa m'thupi inayamba kugwiranso ntchito pamenepo. Akatswiri akukambiranabe kuti kufananaku kumafika pati, koma makolo athu sanalakwitse ponena kuti mawu amalasa.

Makolo anaika malire

Ife Achewa si anthu oopa nthabwala. Koma tikayang'anitsitsa, mwambo wathu unasankhiratu anthu oti azisekana. Msuweni ukhoza kumunena mutu, kumulanda nkhuku, kumuseka pagulu, iye n'kubwezera tsiku lomwelo. Alamu amaseleulana. Agogo aamuna amatchula mdzukulu wawo wamkazi kuti "mkazi wanga", mdzukuluyo n'kuwayankha kuti sangakwatiwe ndi munthu wopanda mano. Ngakhale pamaliro, adzukulu okumba manda ali ndi ufulu wonena zoseketsa zimene wina aliyense sangayerekeze kunena. Koma apongozi ako akapunthwa pakhomo, umayang'ana kumbali ngati sunaone.

Pa maubale onsewa pali zinthu ziwiri zofanana. Ubalewo sungathe chifukwa cha kuseka, ndipo wosekedwa ali ndi ufulu wobwezera. Apa ndi pamene kusekedwa kumakoma. Mwana wa mlongo wa bambo ako akakuseka, akukukumbutsa kuti ndiwe wake. Mlendo wa ku Phalombe sanali msuweni wa wina aliyense m'chigafa muja, ndipo sakanatha kuseka kapitawo. Ifeyo tinatenga ufulu wa pachisuweni n'kuugwiritsa ntchito pa munthu amene tinali tisanamupatse ubale.

Ku Kasungu nkhaniyi si yaing'ono, chifukwa chigwachi chakhala chikulandira alendo kwa zaka zambiri. Maesiteti a fodya atachuluka m'zaka za m'ma 1970, mabanja ambirimbiri anachoka ku Mulanje, Thyolo, Phalombe, Machinga ndi Mangochi kudzakhala matenanti. Ankadya chimanga cha ngongole kwa bwana chaka chonse, n'kudzawerengerana fodya akagulitsidwa. Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti m'chaka cha 2021, koma anthu akubwerabe kudzagwira ntchito ya fodya, ndipo munthu amene chakudya chake chili m'manja mwa wina saseka momasuka. Amaseka pamene bwana waseka. Akasekedwa amamwetulira, ndipo osekawo amayesa kuti nayenso wasangalala.

Kumwetulira kumeneku n'kumene kumatipusitsa. Munthu wochita manyazi amamwetulira ndithu, koma maso amagwa pansi, mutu umatembenukira kumbali, dzanja limapita kumaso. Wosangalala amakuyang'ana, mapewa akugwedezeka, ndipo kawirikawiri amawonjezerapo mawu ake. Eni munda aja anawonjezera. Mnyamata uja sananene kanthu. Zizindikiro zinalipo, ife ndife tinali otanganidwa ndi kupukuta misozi.

Lilime la kwanu

Chimene chimaseketsa anthu kwambiri mosayembekezera m'dera ngati lino ndi kalankhulidwe. Kumpoto kwa boma lino, cha ku Nkhamenya, Chichewa chimakumana ndi Chitumbuka. M'maesiteti mumamveka Chiyao ndi Chilomwe. Myao akati "sikomo", ena amayamba kale kutsinana. Koma naye mwana wa ku Kasungu akapita ku sekondale ku Blantyre n'kunena "vinthu" monga amanenera agogo ake, m'malo mwa "zinthu", kalasi yonse imagwa. Anyani sasekana zikundu.

Chodabwitsa n'chakuti Chichewa cha ku Kasungu chomwechi chinalembedwa m'buku la galamala ku America kalekale. Mark Hanna Watkins analitulutsa m'chaka cha 1937, ndipo amene ankamuuza mawu ndi katchulidwe kake anali wophunzira wa ku Kasungu pa yunivesite ya Chicago, Hastings Kamuzu Banda. Munthu yemweyo atabwerera kumudzi pa 6 Julaye 1958, patatha zaka zoposa 40 ali kunja, ankalankhula pamisonkhano m'Chingerezi, wina akumasulira. Mnyamata wamba akanabwera kuchokera ku Joni atayiwala chinenero cha amayi ake, akanasekedwa mudzi wonse. Kamuzu ankachita kudzudzula omasulira ake kuti alankhule Chichewa chenicheni. Kuseka kuli ngati madzi a mvula, sikukwera phiri.

Kusekedwa lilime kumapweteka mwapadera chifukwa munthu sanalisankhe. Ukaseka mmene munthu watchulira mawu, waseka amayi ake amene anamuphunzitsa. Komabe tikudziwa mabanja a Mtumbuka ndi Mchewa amene atha zaka 30 akusekana kalankhulidwe, ndipo kusekanako ndi ndiwo ya banja lawo. Kusiyana kwake n'komwe kuja: onse amaseka, onse amasekedwa, ndipo palibe amene akuopa kupitikitsidwa.

Pamene choseketsacho chili matenda

Pali chifukwa china chimene nkhaniyi ikutikhudzira, ndipo n'cha umoyo. Zinthu zambiri zimene zimaseketsa gulu mwadzidzidzi ndi zizindikiro za matenda.

Tiyambe ndi m'munda momwemo. Munthu akamathyola fodya wonyowa ndi mame kapena mvula, nikotini wa m'masamba amalowa m'thupi kudzera pakhungu. Amamva chizungulire, mutu, nseru, amasanza ndi kufooka, ndipo ena amayenda dzandidzandi. Anzake amati, "Ada, mwalawira kachasu m'mawa uno?" ndipo munda wonse umaseka. Lipoti la bungwe la Plan la m'chaka cha 2009, lonena za ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'Malawi, linati pa tsiku lachinyezi mwana akhoza kulowetsa m'thupi nikotini wofanana ndi wa ndudu 50. Munthu wotere afunika kuchoka m'munda, kuvula zovala zonyowazo, kusamba ndi sopo, kumwa madzi ndi kupuma, ndipo ngati kusanza sikuleka apite kuchipatala. Koma amene anasekedwa dzulo kuti waledzera, lero amangolimba mtima n'kupitiriza kuthyola.

N'chimodzimodzi ndi bambo amene mwadzidzidzi ayamba kulankhula mokoka lilime, kukamwa kutapotokera mbali imodzi, kapu ikugwa m'manja. Imeneyo ikhoza kukhala sitiroko, ndipo ola lililonse lotayidwa poseka ndi kudikira kuti "mowa uwachoke" likuwononga ubongo. Wodwala shuga amene shuga wake watsika kwambiri amaonekanso ngati woledzera.

Kusukulu nakonso. Mwana amene aphunzitsi amufunsa dzina la mtsinje iye n'kuyankha kuti "seveni", kalasi yonse n'kugwa, mwina si wopusa. Mwina khutu lake lakhala likutuluka mafinya kwa miyezi ndipo sakumva bwino. Mwana amene amangoti duu kwa kamphindi, maso ali tong'o, osayankha, kenako n'kupitiriza ngati palibe chachitika, akhoza kukhala ndi mtundu wina wa khunyu umene sugwetsa munthu pansi. Bungwe la World Health Organization limati anthu okwana 70 pa 100 alionse odwala khunyu akhoza kukhala osakomoka atalandira mankhwala oyenera. Chibwibwi chimagwira ana pafupifupi 5 pa 100 alionse pa nthawi ina ya ubwana wawo, ndipo ambiri chimawathera, koma kusekedwa kumaphunzitsa mwana kuopa kutsegula pakamwa, ndipo mantha amachikulitsa. Kukodza pogona n'kofala kwa ana a zaka 5 kapena 6, ndipo si ulesi. Kuyanika mphasa yake poyera kuti anzake amuimbire nyimbo sikunachizepo mwana. Nanga mtsikana amene wadetsa yunifolomu kumbuyo, anyamata n'kuyamba kuseka, ndi angati amene sanabwererenso m'kalasi sabata imeneyo? Akuluakulu anati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza.

Zonsezi ndi nkhani zoti akazione a chipatala, kaya pa chipatala chaching'ono chapafupi, pa chipatala cha boma ku Kasungu, ku St Andrew's ku Mtunthama kapena ku Nkhamenya. Chimene chimachedwetsa anthu nthawi zambiri si mtunda wokha. Munthu amene wasekedwa ndi chinthu amachibisa.

Palinso anthu amene mantha a kusekedwa amawalamulira moyo. Akamva anthu akuseka kuseri kwa nyumba amakhulupirira kuti akuseka iwowo, amapewa maukwati ndi misonkhano, ndipo ngakhale kumwetulira kwa chikondi amakuona ngati chipongwe. Willibald Ruch ndi anzake a pa yunivesite ya Zurich anafufuza mantha amenewa m'mayiko 73 ndipo anawapeza m'mayiko onsewo. Ena mwa anthu otere amakumbukira kuti ankasekedwa ali ana. Ngati m'banja mwanu muli wotere, kumuuza kuti "uzidziwa nthabwala" sikuthandiza. Afunika munthu wokhala naye pansi, ndipo ngati zafika pomulepheretsa sukulu kapena ntchito, akaonane ndi aphungu kapena a zaumoyo wa maganizo.

Pakhomo pathu

Tisamveke ngati tikuletsa kuseka pakhomo. Nyumba yopanda phwete ndi yozizira. Mwana wa zaka zitatu akanena mwaulemu wonse kuti agogo ali ndi "tsitsi la ufa", aliyense amaseka, ndipo mwanayo akaona nkhope zowala ndi manja omunyamula amadziona ngati mfumu. Amabwereza mawuwo kasanu. Kumeneko ndiye kusekedwa kokoma: wapatsa anthu ake chimwemwe osadziwa, ndipo amukonda nacho.

Koma mwana yemweyo akafika zaka 7 kapena 8, zinthu zimasintha. Tsopano amadziwa kuti anthu amamuyeza. Akafunsa funso lochokera pansi pa mtima, monga chifukwa chake mwezi umamutsatira akamayenda, akulu n'kuseka osamuyankha, iye amamva kuti kufunsa n'kupusa. Sekani ngati zakusekani, koma kenako muyankheni, ndipo muuzeni chimene chakusangalatsani: "Sitikukuseka iwe, mwanawe. Funso lakolo ndi lokoma, ifenso tinkadabwa nazo." Ndipo nkhani yake musaisandutse ndiwo ya alendo onse obwera pakhomo musanamupemphe. Eni munda aja ankasimba okha za buluku lawo. Nkhani ya munthu ikhale m'manja mwake.

Izi zikukhudzanso mwamuna ndi mkazi wake. Mayi akalakwitsa mawu a Chingerezi muli awiri m'nyumba, mukhoza kuseka mpaka kugona. Bambo akakaibwereza nkhaniyo pamaso pa anzawo a kuntchito, mayiyo akuwapatsira madzi osamba m'manja, chimenecho n'china. Mawu ndi omwewo, koma omvera asintha, ndipo mayiyo sangabwezere.

Masiku ano omvera amasintha mofulumira kuposa kale. Chikhala kuti za jekete zija zinachitika lero, wina akanajambula pafoni. Pofika madzulo zikanakhala pa WhatsApp, mawa lake pa Facebook ndi TikTok, zikusekedwa ndi anthu a ku Mzuzu ndi ku Johannesburg amene sanamuonepo mnyamatayo akugwira ntchito molimbika, ndipo zikanakafika ndi kwawo komwe ku Phalombe. Kale munthu ankathawa mudzi umene wamuseka. Kanema sathawika. Tisanatumize kanema wa munthu amene wagwa panjinga kapena walakwitsa poyankha mtolankhani, tidzifunse ngati mwini wake akanautumiza yekha.

Nanga ngati wosekedwayo ndi inu? Mtima ukamagunda, nkhope ikutentha, zimaoneka ngati dziko lonse laona ndipo silidzaiwala. Thomas Gilovich ndi anzake a pa yunivesite ya Cornell anaveka ophunzira malaya ochititsa manyazi n'kuwalowetsa m'chipinda momwe munali anzawo. Ovalawo ankayesa kuti theka la anthu aona, koma amene anaona anali pafupifupi mmodzi mwa anayi. Anthu amatanganidwa ndi zawo. Nthawi zambiri chimene chawaseketsa ndi kudzidzimuka chabe, monga jekete pamalo pa jeke, osati kuti akuyesani chitsiru. Ngati mungathe kuseka nawo, sekani. Ngati zakupwetekani, si kulakwa kudikira gulu libalalike n'kuuza mmodzi amene mumamukhulupirira kuti, "Achimwene, zija sizinandikomere." Anthu ambiri abwino sadziwa kuti alasa mpaka atauzidwa.

Koma sitikufuna kusenzetsa katundu yense wosekedwayo, chifukwa iye ndi amene ali ndi mphamvu zochepa pa nthawiyo. Kuseka kwadzidzidzi palibe angakuletse, kumangophulika. Chimene tili nacho m'manja ndi mphindi yotsatira. M'chigafa muja munali anthu oposa khumi, ndipo aliyense wa ife anali ndi nkhani yake ya tsiku loyamba pa ntchito ya fodya. Wina anathira feteleza wambiri pa nazale mpaka mbande zinapsa. Wina anasakaniza masamba a pansi ndi a pamwamba, belo lonse n'kubwezedwa ku okushoni. Kapitawo yemweyo sanabadwe akudziwa jeke. Mmodzi yekha akanati, "Usadandaule mphwanga, ine tsiku langa loyamba ndinachita zoposa pamenepa," mnyamatayo akanalowa m'gulu la osekawo. Wina akanamutenga n'kukamuonetsa jekeyo ndi mmene amadindira belo. Ndipo dzina lija likanafera m'chigafa momwemo akulu akanaletsa ana tsiku loyamba.

Patapita masiku, tikumanga mabelo omaliza, wina anaikumbutsa nkhaniyo ndipo anthu anasekanso, koma mosafika patali. Akazi a eni munda aja, omwe ankasoka saka pakona, anati, "Komatu inu simunaone. Mwana uja jekete ija anabwera nayo ataipinda, n'kuipereka ndi manja awiri. Ana angawa sanandipindirepo chovala chibadwire." Tonse tinavomereza kuti n'zoonadi. Apo n'kuti mnyamatayo atakwera kale basi.